Ulendo wa ku Sibaya, Nyanja Imene Imamwa Madzi a Pansi pa Mchenga

Lolemba

Msewu wa R22 umapatuka pa msewu waukulu wa N2 pafupi ndi tauni ya Hluhluwe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, n'kulunjika kumpoto mpaka kukafika kumalire a dziko la Mozambique. Ndi msewu umenewu umene tatsata lero polowera ku Mbazwana, tauni yaing'ono kumene anthu opita ku nyanja ya Sibaya amathirirako mafuta m'galimoto asanalowe m'misewu ya mchenga. Tikungochoka ku Hluhluwe mapiri anayamba kutsalira kumbuyo, ndipo dziko linasanduka chigwa chathyathyathya chimene munthu amachiona mpaka kumene maso alekezera. Dera lonseli, kuyambira ku mapiri a Lebombo kumadzulo kufikira kugombe la nyanja yamchere ya Indian Ocean kum'mawa, limatchedwa Maputaland, ndipo nthaka yake yambiri ndi mchenga umene mafunde ndi mphepo zinaunjika kwa zaka zikwizikwi.

Chimene chinandidabwitsa panjira ndi kusowa kwa mitsinje. Titaoloka mtsinje wa Mkhuze tinayenda mtunda wautali osaonanso mlatho waukulu, komabe m'malo otsika munali madambo obiriwira, bango ndi timaiwe ta madzi oyera. Mvula ikagwa pa mchenga siithamanga pamwamba kuti ikumbe makwawa. Imalowa pansi nthawi yomweyo n'kumayenda pang'onopang'ono mkati mwa nthaka, ndipo imangoonekeranso pamene nthaka yatsika mpaka kukumana ndi madziwo. Ndalemba zimenezi pa tsiku loyamba chifukwa nyanja imene tikupitako imadalira madzi oyenda mobisika omwewa, ndipo munthu amene sanazindikire mmene madzi amayendera m'dera lino sangamvetse zimene akaone kumeneko.

Titayandikira Mbazwana, mbali zonse ziwiri za msewu kunadzaza minda ya mitengo ya bulugamu ndi paini yobzalidwa m'mizere yowongoka, ndipo tinadutsana ndi malole angapo osenza zipika. Madzulo ano takumana ndi bambo amene atiyendetse masiku akubwerawa, munthu wobadwira m'dera lomwe lino amene ali ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Atiuza kuti mawa tisanalowe mu mchenga achepetsa mpweya m'matayala kuti aphwanyuke n'kuponda malo aakulu, chifukwa tayala lolimba limakumba mchenga n'kutitimira. Atikumbutsanso kuti mbali ya kum'mawa kwa nyanjayi ili m'malo otetezedwa a iSimangaliso Wetland Park, choncho tikalembetsa pa chipata ndi kutsatira nthawi imene chipatacho chimatsekedwa.

Lachiwiri

Tinanyamuka dzuwa lisanatenthe, pakuti mchenga wa m'mawa umene wagona ndi mame umagwira matayala bwino kuposa wa masana. Phula linatha msanga, ndipo chimene chinatsala ndi tinjira tiwiri ta matayala todutsa pakati pa makomo a anthu, makola a ng'ombe ndi tchire la mitengo yaifupi. Misewu ya kuno imagawikagawika popanda chikwangwani, chifukwa woyendetsa aliyense akaona kuti mchenga wafewa kwambiri amalambula njira yake pambali, motero mlendo woyenda yekha angathe kuzungulira nthawi yaitali nyanja ili pafupi naye. Ife tinangoona mitengo itatseguka, ndipo patsogolo pathu panali madzi obiriwira ngati thambo, ozunguliridwa ndi mchenga woti mbee, kuseri kwake kutaima mzere wa mapiri akuda ndi nkhalango.

Sibaya ndiyo nyanja yachilengedwe ya madzi opanda mchere yaikulu kuposa zonse mu South Africa. Ikadzaza bwino kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 60, pamalo ozama kwambiri imafika pafupifupi mamita 40, ndipo pamwamba pa madzi ake pamakhala pafupifupi mamita 20 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Munthu akayerekeza manambala awiri omalizirawo aona kuti pansi penipeni pa Sibaya pali pamunsi kuposa pamwamba pa nyanja yamchere, imene ili pafupi kwambiri moti mphepo ikachokera kum'mawa mkokomo wa mafunde ake umamveka. Komabe madzi a Sibaya ndi ozuna, ndipo anthu ndi ng'ombe amamwa omwewo. Chimene chimalekanitsa nyanja ziwirizi ndi mapiri akuda aja, amene kwenikweni ndi milu ya mchenga wokhawokha yotalika kupitirira mamita 100, yomangidwa ndi mizu ya mitengo. Popeza madzi a Sibaya ali pamwamba, ndiwo amene amakankha kulowera kunyanja yamchere kudzera pansi pa miluyo, ndipo mchere supeza mpata wobwerera kuno.

Mbiri ya malo ano ndi yakale kwambiri. Panthawi imene dziko lapansi linazizira ndipo madzi ambiri anaundana kumpoto ndi kumwera, nyanja yamchere inatsika kupitirira mamita 100, ndipo mitsinje ya m'dera lino inakumba zigwa zakuya pothamangira gombe limene linali litasunthira kutali. Nyengo itafundanso nyanja inakwera n'kumiza zigwazo, malo ano n'kukhala mathiriro kumene madzi a mtsinje ndi a mchere ankasakanikirana. Pambuyo pake mphepo ndi mafunde zinaunjika mchenga mpaka kutseka khomo lotulukira kunyanja, ndipo mvula ya zaka zambirimbiri inasukuluza mchere umene unatsekeredwa mkati. N'chifukwa chake Sibaya siyozungulira ngati dziwe, koma ili ndi chimimba chachikulu chakum'mawa ndi mikono yaitali yopyapyala yolowera kumadzulo ndi kumpoto, motsatira zigwa zakale zija. Lero palibe mtsinje wotuluka m'nyanjayi, ndipo timitsinje tolowamo, monga ka Mseleni kumadzulo, n'tating'ono kwambiri. Madzi ake amachokera ku mvula yogwera pamwamba pake ndi ku madzi osefukira pansi pa mchenga kuchokera m'midzi ndi m'minda yozungulira.

Mu 1991 nyanjayi inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 1999 malo aakulu otetezedwa amene Sibaya ili mbali yake, amene panthawiyo ankatchedwa Greater St Lucia Wetland Park, anaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Dzina la iSimangaliso linabwera mu 2007.

Madzi ake ndi oyera moti ndinkaona timizere ta mchenga pansi ngakhale pamalo amene akanandifika m'chiuno, ndipo ndinayamba kuvula nsapato. Bambo otiyendetsa anandiletsa mwaulemu koma mosanyengerera: "Baba, musapitirire pamene mwaimapo, ng'ona ya kuno imakuonani inu musanaione." Anatilozera mkukuluzi wa mchira pa mchenga ndi mapazi a mvuu otuluka m'madzi kulowera ku msipu. Sibaya yakhala ikudziwika kuti ndi malo achiwiri m'chigawo cha KwaZulu-Natal kwa kuchuluka kwa mvuu ndi ng'ona, kutsatira nyanja ya St Lucia. Chakumadzulo tinakhala pa chitunda n'kumaonerera gulu la mvuu likufwenthera patali, nkhwazi ziwiri zikuyankhizana pamwamba pa mitengo, ndi ng'ombe za mawangamawanga zikutsikira kudzamwa motsogozedwa ndi anyamata amene ankaponya miyala m'madzi ng'ombezo zisanaviike milomo.

Lachitatu

Lero lonse tathera m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'mawa tinapeza abambo awiri akuwedza ndi mbedza pamalo osaya. Titapatsana moni anationetsa zimene anagwira: mlamba umodzi wonenepa bwino ndi nsomba zingapo za mtundu wa chambo, zimene akatswiri amazitcha Oreochromis mossambicus. Nsombazi zinali zazing'ono, za mitu ikuluikulu ndi matupi owonda, ngakhale zinali zokhwima kale. Kuyera kwa madzi kumene kunandisangalatsa dzulo ndi kumenenso kumachititsa zimenezi. Madzi osefedwa ndi mchenga amabwera opanda chonde, choncho ndere ndi tizomera tina timene nsomba zimadya sitichuluka. Akatswiri a ku yunivesite ya Rhodes, amene anali ndi malo awo ofufuzira m'mphepete mwa nyanjayi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anapeza kuti ana a nsombazi amakula bwino chifukwa amadyera m'malo osaya ndi ofunda kumene chakudya chopatsa thanzi chimapezeka, koma akakula n'kusamukira kwakuya amakumana ndi chakudya chosapatsa mphamvu, ndipo kukula kwawo kumapinimbira. Ofufuza omwewo analembanso za milamba ya kuno imene imasaka m'magulu usiku, kukankhira tinsomba kumalo osaya kumene sitingathawe.

Chodabwitsa kuposa pamenepo ndi zamoyo zimene sitinazione ndi maso koma zili m'madzimu. M'nyanjayi muli mitundu ya nsomba yosakwana 20, ndipo ina mwa iyo, pamodzi ndi kankhanu kakang'ono kotchedwa Hymenosoma, ndi ya kumathiriro a nyanja yamchere. Makolo ake anatsekeredwa muno khomo lija litatsekeka, ndipo mibadwo yotsatira inazolowera madzi opanda mchere mpaka lero. Kansomba kena kokhala pansi pa mchenga kanapatsidwa dzina la Silhouettea sibayi chifukwa kanadziwika koyamba m'nyanja yomwe ino. Ndikuona kuti umboni wa mbiri imene ndinalemba dzulo suli m'miyala yokha, koma ukusambira m'madzi, ndipo ngati nyanjayi itawonongeka palibe njira imene zamoyozi zingathawire kapena kubwereranso.

Mlendo wina wosaitanidwa wafika kale. Pa mchenga wonyowa panali tizigoba tambirimbiri ta nkhono zazing'ono zosongoka, ndipo zambiri mwa izo ndi za nkhono yotchedwa Tarebia granifera, yochokera kumwera chakum'mawa kwa Asia. Nkhonoyi imaswana popanda yaimuna ndipo imabereka ana amoyo, motero imodzi yokha ikalowa m'madzi imatha kudzaza gombe lonse n'kupanikiza nkhono za komweko.

Koma chimene chandivutitsa maganizo kwambiri lero ndi mtunda umene tinayenda kuchokera pa mitengo kukafika pa madzi. Bambo otiyendetsa anatiimitsa pa kachitunda kokhala ndi mizu youma ya bango n'kunena kuti ali mnyamata madzi ankafika pamenepo, ndipo iwo ankawedza ataima pamalo amene tsopano pamera udzu wodyetsa ng'ombe. Kuchokera pamenepo tinayenda ndithu pa mchenga wouma tisanaponde chinyezi. Zimene ananenazo zikugwirizana ndi zimene oyeza madzi analemba: kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 madzi a Sibaya anayamba kutsika chaka ndi chaka mpaka kuchepa ndi mamita angapo, ndipo pa chilala chachikulu cha m'ma 2015 chigawo cha kumwera chinadukana ndi chimimba chachikulu, pakati pake n'kutuluka mtunda wa mchenga. Nyanja yopanda mtsinje waukulu siidzaza ndi chigumula chimodzi. Madzi ake amabwera mochedwa, ndipo akachepa amatenga zaka kuti abwerere. Popeza dzuwa ndi mphepo zimaumitsa madzi ambiri pamwamba pa nyanjayi kuposa amene mvula imathira mwachindunji, chimene chimaisunga ndi madzi a pansi pa nthaka aja. Amenewo akachepa, palibenso china choibwezera.

Lachinayi

Kuti ndione kumene madziwo amachokera, ndinapempha kuti lero tisiye gombe n'kuzungulira kumtunda, mbali ya kumadzulo ndi kumpoto, kumene kuli midzi ya pansi pa mafumu a Tembe, Mabaso ndi Zikhali. Makomo a kuno sakhala mothithikana. Banja lililonse lili ndi malo ake, nyumba zingapo ndi khola, ndipo pakati pa khomo ndi khomo pali msipu wokhala ndi migwalangwa yaifupi yomera m'magulumagulu. Masamba a mgwalangwa amalukira madengu ndi mphasa, ndipo tinaona mitengo ina itadulidwa kumutu, kansupa kapena botolo litapachikidwa pamenepo kuti lilandire madzi okhala uchema. Mchenga wa pamtunda ndi wosabereka, choncho minda yeniyeni ili m'madambo, mmene nthaka ndi yakuda chifukwa cha zomera zowola, ndipo mmenemo tinaona mbatata, nthochi, nzimbe ndi koko zitabzalidwa m'mizere yokwezeka pakati pa ngalande.

Pa dambo lina tinapeza mayi wachikulire akutunga madzi pa chitsime chokumba ndi manja. Ndinawapatsa moni m'chinenero chawo kuti, "Sawubona, mama," ndipo iwo anayankha kuti, "Yebo, baba," kenaka kudzera mwa bambo otiyendetsa anafotokoza kuti chitsime chawo chakale chinali kumtunda pafupi ndi nyumba, koma chinauma, ndipo akhala akukumba motsikiratsikira kutsatira madzi. Ndinasuzumira m'chitsimemo n'kuona madzi oyera chimodzimodzi ndi a m'nyanja, ndipo m'pomveka, pakuti ndi madzi amodzi omwewo amene akanapitirira ulendo wawo pansi pa nthaka akanakatulukira m'Sibaya. Chitsime cha mayiwa, dimba la mnansi wawo ndi nyanja yonse ija zikumwera m'chikho chimodzi, ndipo chikhocho chikatsika onse amatsika nacho limodzi.

Kuseri kwa dambolo kunali munda wa bulugamu. Mitengo imeneyi imakula msanga, siyoyoyola masamba m'chilimwe, ndipo mizu yake imatsika mu mchenga wofewa mpaka kukafika pa madzi a pansi, motero imamwa chaka chonse pamene udzu umene unali pamalopo kale unkauma n'kupumula m'miyezi yopanda mvula. Minda ikuluikulu ya ku Mbazwana ndi ku Manzengwenya inayamba kubzalidwa ndi boma chapakati pa zaka za m'ma 1900, poyamba makamaka ndi paini, ndipo pambuyo pake bulugamu anachuluka, mabanja nawonso n'kuyamba kubzala timinda tawo togulitsa zipika. Ofufuza amene anawerengera madzi olowa ndi otuluka m'nyanjayi anapeza kuti kuchepa kwa mvula kuli ndi gawo lalikulu pa kutsika kwa madzi, kuti minda ya mitengo yawonjezera vutolo kwambiri, ndiponso kuti madzi amene amapopedwa kupita ku Mbazwana ndi ku Mseleni, kumene kuli chipatala chachikulu cha m'derali, ndi ochepa poyerekeza ndi amene mitengo imamwa. Lamulo la madzi la dzikoli la mu 1998 limaona kubzala mitengo yamalonda ngati ntchito yochepetsa madzi, yofunika chilolezo, koma lamulo kulilemba n'kosavuta kusiyana ndi kulitsata pa timinda tambirimbiri tomwazikana m'midzi.

Sindikufuna kuti wowerenga atuluke m'zolembazi akuloza chala mlimi wamng'ono. M'dera limene nthaka siibereka chimanga chokwanira ndipo ntchito zolembedwa n'zosowa, munda wa bulugamu ndi nkhokwe ya banja: sufuna feteleza, ukadulidwa umaphukanso, ndipo wogula amabwera ndi lole yake pakhomo. Komanso anthu a m'gombe lino ali ndi chifukwa chomveka chokayikira aliyense wobwera ndi mawu oteteza chilengedwe, pakuti m'nthawi ya tsankho mabanja ambiri anasamutsidwa mokakamiza kuti papezeke malo a nkhalango za boma ndi malo osungira nyama, ndipo madandaulo obwezeretsa malo anayamba kumvedwa lamulo la mu 1994 litakhazikitsidwa. Maganizo anga ndi akuti mtolo woyamba uyenera kusenzedwa ndi eni minda ikuluikulu, pochotsa mitengo imene ili pafupi ndi madambo ndi gombe la nyanja, ndipo mlimi wamng'ono asauzidwe kuzula mitengo yake asanapatsidwe china chomudyetsa. Koma kunena kuti mitengo ilibe mlandu, monga mmene ena angafunire, ndi kukana zimene chitsime cha mayi aja chikuonetsa poyera.

Lachisanu

Msewu wa kum'mawa kwa nyanja umadutsa pakampata kopapatiza, madzi ali kumanzere ndipo phiri la mchenga lili kumanja, ndipo m'malo ena nthambi zimakumana pamwamba moti galimoto imayenda mumthunzi wokhawokha. Nkhalango ya pa milu imeneyi ndi yowirira, yodzaza ndi zilambe, ndipo tinaonamo anchima akudumpha m'mwamba ndi kagwape kofiira kamene kanaima pakati pa njira kanthawi kochepa. Mbalame zinali kulira mbali zonse, ndipo m'dera la nyanjayi mwalembedwa mitundu yoposa 250. Nditatsika n'kufukula masamba owola ndi dzanja, ndinapeza kuti nthaka yakuda ndi yopyapyala kwambiri, pansi pake pali mchenga woyera wokhawokha. Mitengo yonseyi yaima pa kachikopa kameneko, ndipo pamene padulidwa kapena paotchedwa mphepo imayamba kufukula mchenga n'kuuyendetsa. Mchenga wa milu ya m'gombe lino ulinso ndi miyala yakuda ya mtengo wapatali yopangira chitsulo cha titanium, ndipo kumwera, pafupi ndi St Lucia, panali mkangano waukulu wofuna kuukumba mpaka boma linakana mu 1996. Nditaima pamwamba pa mulu, nyanja yozuna kumbuyo kwanga ndi yamchere patsogolo panga, ndinaona bwino lomwe kufunika kwa chigamulo ngati chimenecho.

Tinatsikira ku Mabibi, mudzi waung'ono wa pakati pa Sibaya ndi gombe, kenaka n'kutsetsereka ndi masitepe a matabwa mpaka pa mchenga wa kunyanja yamchere. Gombe lake ndi lalitali ndi lopanda anthu, ndipo palibe mapazi a matayala, chifukwa kuyambira mu 2001 dzikoli linaletsa anthu wamba kuyendetsa galimoto m'magombe. Madzi ake ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa mkati mwa nyanja wotchedwa Agulhas umene umayenda kuchokera kumpoto kutsikira kumwera motsatira gombe, ndipo mafunde ataphwa tinasuzumira m'timaiwe ta m'miyala mmene munali tinsomba ta mitundu yowala. Apa ndi apo, m'tsinde mwa mulu, mchenga unali wonyowa ndi madzi opanda mchere otuluka pansi.

Usiku tinayenda pagombe ndi wotsogolera wovomerezeka kukafuna akamba a m'nyanja, pakuti ino ndi nyengo yawo yoikira mazira, imene imayamba chakumapeto kwa chaka, ndipo ana amaswa kuyambira mu Januwale mpaka mu Malichi. Mitundu iwiri imaikira m'gombe lino: wina wa mutu waukulu wotchedwa loggerhead, ndi wina wamkulu kuposa akamba onse, wa msana wofewa ngati chikopa, wotchedwa leatherback, amene amatha kulemera makilogalamu oposa 500. Wotsogolerayo anatiuza malamulo tisananyamuke: kusayatsa tochi yoyera, kusajambula ndi kuwala, ndi kusayandikira kamba akamatuluka m'madzi, chifukwa akadzidzimuka amabwerera osaikira. Titayenda nthawi ndithu tinapeza mkukuluzi wotuluka m'madzi kukwera kumtunda, ndipo tinadikira patali mpaka wotsogolera anatikodola. Anali loggerhead, atamaliza kale kukumba dzenje ndi zipsepse za kumbuyo, ndipo mazira oyera ofewa ankagwera mmenemo awiriawiri kapena atatuatatu. Kamba mmodzi amaikira mazira pafupifupi 100 pa dzenje limodzi, n'kufotsera, n'kubwerera kunyanja osadzawaonanso. Mazirawo amaswa pakatha pafupifupi miyezi iwiri, ndipo kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha: wotentha umatulutsa aakazi ambiri, wozizirirapo aamuna ambiri. Aakazi amene apulumuka amadzabwerera kudzaikira m'gombe lomwe anabadwira patapita zaka zambiri.

Ntchito yowerenga ndi kuteteza akambawa inayamba mu 1963 ndipo ikupitirirabe, moti ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtundu umenewu pa dziko lonse. Chiwerengero cha ma loggerhead chakwera kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, pamene ma leatherback akadali ochepa. Ambiri mwa anthu oyenda usiku kulondera ndi kulemba zisa ndi a m'midzi yomwe ino, ndipo zimenezi zandilimbitsa mtima, chifukwa zikuonetsa kuti chinthu chimene chinali pafupi kutha chingabwerere ngati anthu okhala nacho pafupi apatsidwa gawo ndi malipiro pa kuchisamalira.

Loweruka

Mvula inayamba usiku ndipo yagwa mpaka masana, choncho ulendo wa pa bwato ku Sodwana Bay, gombe la nyanja yamchere pafupi ndi Mbazwana, walephereka. Tinangofika pagombe n'kuona mabwato a anthu osambira pansi pa madzi atakokeredwa kumtunda. Ku Sodwana kuli matanthwe a korali, omangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja, amene ali m'gulu la akumwera kwenikweni mu Africa, ndipo kunali kuno mu 2000 kumene osambira anaona nsomba zamoyo za coelacanth m'chigwa cha pansi pa nyanja chotchedwa Jesser, pakuya kopitirira mamita 100. Nsombayi inkaganiziridwa kuti inatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo mpaka imodzi itagwidwa pafupi ndi mzinda wa East London ku South Africa mu 1938. Pobwerera ndinayang'anitsitsa m'mbali mwa msewu: mvula yonse ija sinasiye matope kapena ngalande yothamanga, ndipo pofika madzulo mchenga unali utamwa kale madzi onse.

Lamulungu

Tamalizira ulendo ku Kosi Bay, kumpoto pafupi ndi malire a Mozambique, chifukwa kumeneko munthu amaona mmene Sibaya iyenera kuti inkaonekera khomo lake lisanatsekeke. Kuli nyanja zinayi zolumikizana ndi timifuleni, Makhawulani, Mpungwini, Nhlange ndi Amanzimnyama, ndipo mchere umachepa pang'onopang'ono kuchokera pa yoyamba, imene ili pafupi ndi khomo la kunyanja yamchere, kufikira pa yomaliza, imene madzi ake ndi ozuna ndi akuda chifukwa cha zomera zowola. M'mphepete mwa yomalizayo muli mitengo ya chiwale ya masamba aatali kwambiri, imene zipatso zake zimadyedwa ndi muimba wina woyera wosowa kwambiri m'dzikoli.

Kuchokera pa chitunda cha pamwamba pa mathiriro tinaona mipanda ya nsomba ya anthu a Chithonga itapindikapindika m'madzi osaya. Mpanda uliwonse ndi wa timitengo tozika mu mchenga, ndipo umatsogolera nsomba zotuluka kupita kunyanja yamchere kuti zilowe m'kakhola kozungulira kokhala ndi khomo lolowera lokha, mmene mwini wake amabwera kudzazilasa ndi mkondo. Mipata ya pakati pa timitengo imalola tinsomba tating'ono kudutsa, ndipo pakati pa mtsinje pamasiyidwa njira yotseguka. Mipanda imeneyi yakhala ikumangidwa pamalopa kwa zaka mazana ambiri, ndipo malo a mpanda amasiyiridwa ana m'banja. Mwini mpanda wina amene anationetsa khola lake anati chimene chimamudetsa nkhawa ndi anthu omanga ndi zingwe za nayiloni m'malo mwa luzi la zomera, chifukwa luzi limawola n'kumasuka lokha pamene nayiloni imatseka mipata n'kugwira ndi tiana tomwe.

Nyanja za Kosi nazonso zimalandira madzi ozuna kuchokera pansi pa mchenga womwewo, ndipo minda ya bulugamu tinaionanso m'mbali mwa msewu wa ku Manguzi, tauni ya pafupi ndi Kosi Bay. Kusiyana kwake n'kwakuti Kosi ili ndi khomo, motero madzi ozuna akachepa mchere ndi umene umalowerera mkati, pamene ku Sibaya chimene chimaoneka ndi gombe lothawa. Bambo otiyendetsa atitula pa msewu wa phula ku Manguzi, apopanso matayala awo pa malo othirira mafuta, ndipo abwerera kwawo kudzera njira ya ku Manzengwenya chipata chisanatsekedwe. Ife tikwera basi ya m'mawa yolowera ku Hluhluwe.